Mwana wapezeka ndi bowo pamtima: tidikire, atseke ndi kachipangizo, kapena apange opaleshoni?

Kholo likatuluka muchipinda cha echo (sikani yojambula mtima) ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe limakhala lagwira liwu limodzi lokha, bowo. Zina zonse zomwe adokotala afotokoza zimakhala zauluka. Pofika pa depoti nkhani yafika kale pagulu la WhatsApp la kubanja, amalume akuti tiyambe kusonkha za ku India, azakhali akuti mwanayo apite kaye kumapemphero, wina akuti mwana wa aneba awo anali nalo koma linatsekeka lokha musavutike. Chovuta nchoti aliyense atha kukhala akunena za vuto lake lake, chifukwa mabowo a pamtima safanana olo pang'ono.

Pano ndikamba za bowo la pakhoma lomwe limagawa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima, lomwe papepala la echo amalemba kuti ASD kapena PFO. Ngati pepala lanu lalembedwa VSD, ilo ndi la zipinda zam'munsi ndipo nkhani yake ndi ina. Ndiyamba ndi mmene khomali limamangikira mwana ali m'mimba, nde chonde musadumphe gawo limeneli, chifukwa yankho loti mudikire kapena muthamange lagona pa funso loti ndi mbali iti ya khoma yomwe sinamalizike.

Mtima umayamba kugunda cha pa tsiku la 22 chitengereni pakati. Mayi nthawi imeneyo mwina angodabwa kumene kuti mwezi uno sanasambe, ena sanadziwe nkomwe. Mtimawo umakhala kapaipi chabe kopindika, ndipo chipinda cham'mwamba chimakhala chimodzi, palibe chakumanja palibe chakumanzere. Cha kumapeto kwa sabata ya 4, mluza uli wa mamilimita 4 kapena 5 basi, kudenga la chipinda chija kumayamba kutsika kakhungu kopyapyala kwambiri kotchedwa septum primum. Kamatsika kulowera pakati pa mtima pomwe pali timinofu tofufuma totchedwa endocardial cushions, timinofu tomwe tomweto ndi tomwe timadzathandiza kupanga ma valve (tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo) a pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi. Kasanafike pansi pamakhala mpata, dzina lake ostium primum. Tsono chomwe chimandichititsa chidwi nthawi zonse ndi ichi, mpata wapansiwu usanatsekeke, maselo a kumtunda kwa kakhungu komweko amayamba kufa mwadongosolo, pamabooka timabowo tambirimbiri kenako timalumikizana nkukhala bowo limodzi, ostium secundum. Pansi pakutsekeka pamwamba pakutseguka, magazi osasiya kuwoloka ngakhale tsiku limodzi.

Kenako cha mu sabata ya 5 ndi ya 6 kumanja kwa kakhungu kaja kumabwera khoma lachiwiri, lokhuthala lamnofu, septum secundum. Ilinso silimaliza, limaphimba bowo lakumtunda lija koma lokha limasiya mpata wake cham'munsi pang'ono, womwe ndi foramen ovale. Ganizirani zitenje ziwiri zopachikidwa pakhomo limodzi, china chopyapyala china chokhuthala, chilichonse chili ndi pong'ambika koma malo osiyana. Mphepo ikawomba kuchokera mbali ya chokhuthala imalowa pong'ambika pake, kukankha chopyapyala chija nkutulukira pong'ambika pachiwiri. Ikawomba kuchokera mbali inayo imangozipanikiza pamodzi, njira yatsekeka. Khoma la mtima wa mwana wosabadwa limagwira ntchito choncho.

Nanga njirayi ndi yachani? Mwana m'mimba sapuma, mapapo ake ndi odzaza madzi. Oksijeni yonse imachokera kwa mayi kudzera pa nsengwa ndi mchombo, ndipo magazi abwinowo amafikira kuchipinda chakumanja. Akanati azitsata njira yomwe timayendera ife akuluakulu bwenzi akupita kumapapo komwe kulibe chokatenga. Nde ambiri amangowoloka pa foramen ovale kupita kumanzere, kuchoka apo ulendo wa ku ubongo ndi thupi lonse. Ndekuti aliyense wa ife, inu ndi ine, tinabadwa ndi mpata umenewu. Mwana akangolira koyamba mapapo amafufuma, magazi ambiri amayamba kudutsa mmenemo nkubwerera kuchipinda chakumanzere, presha yakumanzere imaposa yakumanja, kakhungu kopyapyala kaja nkukanikizika pa khoma lokhuthala. M'miyezi yotsatira ziwirizi zimamatana. Koma mwa munthu mmodzi pa anayi aliwonse sizimatana kwathunthu, pamatsala kanjira, ndipo imeneyo ndiye PFO. Mu minibasi yodzaza ya ku Area 25 muli anthu angapo omwe ali nayo, sadziwa ndipo ambiri sadzadziwa mpaka kukalamba.

ASD ndi ina, apo khoma lenilenilo ndi loperewera. Ngati maselo anafa ambiri kupyola muyeso, kapena khoma lachiwiri linafupika osaphimba bwino, pamatsala bowo pakati penipeni, secundum ASD. Ili ndi lomwe limapezeka kwambiri, pafupifupi atatu mwa anayi a ma ASD onse, ndipo atsikana amakhala nalo kwambiri kuposa anyamata. Ngati kakhungu koyamba sikanakumane bwino ndi timinofu tapansi tija, bowo limakhala m'munsi, primum ASD, ndipo poti timinofuto ndi tomwe timapanganso ma valve, kawirikawiri valve yakumanzere imakhala yong'aluka, imadontha. Mtundu umenewu umaoneka kwambiri mwa ana a Down syndrome, nchifukwa chake mwana wotere amayenera kupangidwa echo olo akuoneka wabwinobwino. Palinso sinus venosus, la m'mwamba pomwe pamalowera mtsempha waukulu wochokera kumutu, ndipo nthawi zambiri limabwera ndi mtsempha wa kumapapo womwe unalowa mbali yolakwika. Lomaliza la coronary sinus ndi losowa zedi.

Bowo lotere silisandutsa mwana kukhala wobiriwira milomo ayi. Presha yakumanzere poti ndi yokwera, magazi omwe angochoka kumapapo amabwereranso kumanja nkupitanso kumapapo, kumangozungulira, mbali yakumanja ya mtima nkumanyamula katundu woposa wake chaka ndi chaka mpaka imatanuka. Nchifukwa chake ana ambiri saonetsa chilichonse. Amathamanga, amasewera mpira, ena amangokhala ochepa thupi kapena odwaladwala chifuwa ndi chibayo, ndipo zimadziwika mwangozi mwana atagonekedwa ndi malungo, wachipatala nkumva kaphokoso kachilendo pachifuwa. Ekiselo itha kuonetsa kuti mtima wakula koma siionetsa bowo. Echo ndi yomwe imanena.

Nde musanayambe kuyerekeza njira, bwererani kwa adokotala ndi mafunso atatu, ndipo muwapemphe alembe mayankho m'buku la kuchipatala la mwana. Bowoli ndi la mtundu wanji? Ndi la mamilimita angati? Mbali yakumanja ya mtima yakula kapena ayi? Musachite manyazi, kufunsa zimenezi si mwano.

Njira yoyamba ndi kudikira, ndipo ndikudziwa kuti ndi yomwe makolo amadana nayo kwambiri. Mayi amatuluka akuti ku Central angotibweza, sanatipatse olo panado. Komatu pa PFO ya khanda palibe choti achite, ndi mpata uja wachibadwa womwe sunamalize kumatana. Pa secundum yaying'ono chimodzimodzi. Yochepera mamilimita 3 kapena 4 yopezeka mwa khanda pafupifupi nthawi zonse imatsekeka yokha mwana asanakwane zaka ziwiri, zapakati pa 5 ndi 8 zambiri zimatsekekanso kapena kuchepa, koma yopitilira mamilimita 8 kawirikawiri siitsekeka ndipo ina imakula limodzi ndi mwana. Primum ndi sinus venosus sizitsekeka zokha, olo mudikire zaka zingati, ndipo apa ndi pomwe malangizo a mwana wa aneba aja amapweteketsa anthu. Ubwino wa kudikira ndi woonekeratu, palibe mpeni palibe ngongole palibe ulendo. Ngakhale bowo lalikulu lomwe lidzafunike kutseka, madokotala amakonda kudikira kuti mwana afike zaka 3 mpaka 5, atseke asanayambe sukulu, pokhapokha ngati sakukula kapena akubanika kwambiri. Kuipa kwake ndi kumodzi koma kwakukulu, anthu amasowa. Auzidwa kuti mubwerenso pakatha miyezi 6 kapena chaka, mwana akuoneka bwino, transipoti yochokera ku Mitundu kapena Nsaru yavuta, buku lanyowa ndi mvula, basi. Amadzatulukira ali ndi zaka 35 akupuma mwawefuwefu pokwera kachitunda. Kudikira komwe ndikunena ine ndi kokhala ndi deti, deti ikakwana mwana apite ku echo olo akudumphadumpha.

Njira yachiwiri, ya mankhwala, ndinene mwachidule. Palibe piritsi, jakisoni, chakudya kapena mtsitsi womwe umatseka bowo. Furosemide, yemwe ambiri timangoti Lasix, amachotsa madzi ochuluka kuti mwana apume bwino podikira thandizo lenileni, zake ndi zomwezo. Wina akakuuzani kuti botolo lake latseka bowo la mwana wakutiwakuti, dziwani kuti linali laling'ono lija lomwe likanatsekeka lokha. Kupemphera pempherani ndithu, nane ndimapemphera, koma tsiku la echo musaphonye.

Njira yachitatu ndi yotseka ndi kachipangizo osang'amba pachifuwa. Anayamba ndi Terry King ndi Noel Mills ku New Orleans m'ma 1970, koma inafala kwambiri kutabwera ka Amplatzer komwe ku America anakavomereza mu 2001. Mwana amamugonetsa, amaboola pang'ono mphechepeche nkulowetsa kapaipi kopyapyala mumtsempha, kamakwera mpaka kuchipinda chakumanja nkuwoloka pabowo paja, dokotala akuyang'ana pa sikirini. Mkati mwa kapaipimo mumadutsa kachipangizo kolukidwa ndi tiwaya ta nitinol, chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium chomwe olo uchifinye chimabwerera mmene anachipangira. Kakangotuluka kunsonga, kambale koyamba kamatambasuka kumanzere, dokotala amakoka pang'onopang'ono mpaka katsamire khoma, kenako amatulutsa kambale kachiwiri kumanja, khoma lili pakati. Amakagwedeza kaye kuti aone ngati kagwira, akakhutira amamasula waya. Mawa lake ambiri amatuluka m'chipatala ali ndi kabandeji pamphechepeche basi. Kwa miyezi 6 amamwa asipulini pomwe mnofu wa mtima ukukuta kachipangizoko, kakakutidwa kakhala komweko moyo wonse.

Aliyense akamva zimenezi amati ine ndikufuna imeneyi, ndipo nzomveka. Koma sasankha ndinu, limasankha ndi bowolo. Mwa ma ASD, njirayi ndi ya secundum yokha, ndipo mozungulira bowo payenera kukhala mkombero wa khoma wokwanira, pafupifupi mamilimita 5, woti timbale tija tigwirepo. Primum ilibe mkombero wapansi, pansi pake pali ma valve, mukaikapo kachipangizo mwaononga valve. Bowo lalikulu kwambiri, kuyandikira mamilimita 40, silithekanso. Mwana wochepa kwambiri amamudikira kuti afike cha m'ma kilo 15. Ndipo ngozi zake zilipo olo ndi zosowa, kachipangizo katha kusuntha nkufunika kukachotsa mwachangu, komanso mwa anthu ochepa kwambiri, mmodzi mpaka atatu pa 1,000, kamakhula khoma la mtima mpaka kuliboola, mwina patapita miyezi kapena zaka. Apa nde pomwe ife a kuno tiyenera kuganiza mosiyana pang'ono ndi munthu wa ku London. Iye chifuwa chikapweteka usiku, chipatala chomwe chinamuika kachipangizo chili pafupi. Ife tabwerera ku Kawale. Sindikuti muikane njirayi, ine mwana wanga atakhala kuti akuyenera ndingasankhe yomweyi, koma funsani adokotala akunjawo kuti mkombero wa mbali ya mtsempha waukulu wa aorta uli bwanji, chifukwa kukhula kuja kumakonda kuchitika pomwe mbali imeneyo ili yoperewera, ndipo mupangane kuti echo yotsatira mukapangira kuti mukabwerera kumudzi.

Njira yachinayi ndi opaleshoni yotsegula pachifuwa. Dzina lake lokha limaopsa, koma mwa maopaleshoni onse a mkati mwa mtima iyi ndi yakale kwambiri komanso imodzi mwa zosavuta. Opaleshoni yoyamba yotsegula mtima yomwe inayenda bwino inali ya bowo lomweli, pa 2 September 1952 ku University of Minnesota, pomwe F. John Lewis anaziziritsa thupi la kamtsikana ka zaka 5 nkusoka bowo m'mphindi zochepa. Chaka chotsatira, pa 6 May 1953 ku Philadelphia, John Gibbon anagwiritsa ntchito koyamba bwinobwino makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo, ndipo wodwala wake wa zaka 18 analinso wa ASD. Ndekuti madokotala akhala akupanga zimenezi zaka zoposa 70. Masiku ano amadula fupa la pakati pachifuwa, kapena malo ena amalowera chammbali kunsi kwa nkhwapa yakumanja, amalumikiza mwana kumakina aja, mtima amauimitsa, bowo laling'ono amangosoka, lalikulu amaikapo chigamba chomwe nthawi zambiri amadula pa kathumba komwe kamakuta mtima wa mwana yemweyo. M'zipatala zozolowera ntchitoyi omwalira safika mmodzi pa 100.

Poyerekeza ndi kachipangizo, opaleshoni ndi yowawa, mwana amagona ku ICU kaye, m'chipatala pafupifupi sabata, fupa limatenga masabata 6 kuti ligwirane, mwina amafunika kuikidwa magazi, ndipo chipsera chimatsala. Kwa mtsikana wachisodzera chipsera si nkhani yaying'ono, tisamaichepetse. Masabata oyambirira madzi atha kudzadzana mozungulira mtima, nde mwana akayamba kutentha thupi, kusanza kapena kufooka mutangobwera kumene, thamangani naye ndipo munene kuti wapangidwa opaleshoni ya mtima posachedwa, asangomuyeza malungo nkukubwezani. Koma opaleshoni imatha zonse zomwe kachipangizo sikangathe, imatseka mtundu uliwonse kukula kulikonse, dokotala amasokanso valve yong'aluka ya primum ndi kubweza mtsempha wosokera wa sinus venosus tsiku lomwelo. Ndipo zikapola zapola, mumtima simutsala chitsulo. Kwa banja lomwe likukhala kutali ndi echo ine ndimaona kuti imeneyi si mfundo yochepa. Koma a primum amafunika kuonedwabe moyo wonse chifukwa valve ija itha kuyambanso kudontha.

China chomwe chimasokoneza anthu kuno kwathu, ana ambiri omwe timawaona pa Facebook akupemphetsa thandizo la mtima vuto lawo si bowo, ndi ma valve oonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa, aja amabayidwa jakisoni wa benzathine mwezi ndi mwezi. Iwo akaikidwa valve yachitsulo amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wonse ndi kumayezetsa magazi pafupipafupi. Wa ASD alibe zimenezo. Akatsekedwa pa nthawi yake amakhala ngati wina aliyense, sukulu, mpira, ntchito, kubereka. Kafukufuku wa ku Mayo Clinic yemwe anatuluka mu 1990 anapeza kuti omwe anatsekedwa asanakwane zaka 25 amakhala moyo wautali chimodzimodzi ndi anzawo omwe sanadwalepo.

Nanga wamkulu yemwe wadziwa mochedwa? Amayi ambiri amadziwira pa mimba, ena pa zaka 30 kapena 40 mtima ukayamba kugunda mosalongosoka, miyendo kutupa, phuma. Kutseka kumathandizabe ngati mbali yakumanja yakula, phuma limachepa ndipo mtima umabwererako, kungoti kugunda kosalongosoka kuja kukayamba munthu atapyola zaka 40 nthawi zambiri sikutheratu. Mimba yokha ambiri a ASD amadutsa nayo bwino, koma achire kuchipatala chachikulu ndipo anene kusikelo kuyambira ulendo woyamba. Pali gulu lochepa lomwe kutseka ndi koletsedwa. Magazi ochuluka akadutsa m'mapapo zaka zambiri, mitsempha ya mmenemo itha kuuma, presha yakumanja nkuposa yakumanzere, magazi nkuyamba kuwoloka chobwerera, munthu milomo ndi zikhadabo nkuyamba kubiriwira. Amatcha Eisenmenger. Apa bowo lija ndi lomwe likupepuza mtima, mukatseka mwamupha, ndipo kwa mayi wotere mimba ndi yoopsa kwambiri. Dokotala akakana kupanga opaleshoni pa chifukwa chimenechi sikuti akukusalani kapena akufuna kenakake ayi. Nchifukwa chake ndalimbikira zija za deti.

Mpata womwewu nthawi zina umapulumutsanso makanda. Khanda lobadwa mitsempha ikuluikulu iwiri itasinthana malo limakhala ndi moyo chifukwa magazi akusakanikirana pa foramen ovale, moti mu 1966 William Rashkind ku Philadelphia anayambitsa njira yokulitsa mpatawo dala ndi kabaluni. Nde khanda likabiriwira masiku oyamba musaganize kuti ndi nkhani yodikira ija, ilo ndi la changu tsiku lomwelo.

PFO ya wamkulu ingoisiyani. Munthu mmodzi pa anayi sitingamutseke tonse, ndipo palibe chifukwa. Pomwe imaganiziridwa ndi pamene munthu wosapyola zaka 60 wachita sitiroko, ayeza zonse, BP, shuga, kagundidwe ka mtima, mitsempha ya m'khosi, osapeza choyambitsa. Pamenepo pamakhala kukaikira kuti kamgulu ka magazi oundana kanachoka kumwendo nkuwolokera pa kanjira kaja kupita ku ubongo, ndipo makafukufuku atatu akuluakulu omwe anasindikizidwa mu 2017 anaonetsa kuti mwa anthu osankhidwa bwino otere kutseka ndi kachipangizo kumachepetsa sitiroko yachiwiri kuposa mankhwala okha. Koma kuno sitiroko zambiri ndi za BP yosasamalidwa, yambani mwayeza imeneyo.

Tsopano za komwe mungapite. Echo ya ana imapangidwa kuzipatala zazikulu, ife a kuno ndi ku Kamuzu Central, a kummwera ku Queens, ndipo ena amalipira kupulaiveti. Kutseka kwenikweni, ambiri mpaka pano amatumizidwa kunja, makamaka ku India, ena ku South Africa, ena ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam komwe amapanga njira zonse ziwiri. Njira ya boma imayambira kwa dokotala wamkulu yemwe akuona mwanayo, iye ndi amene amalemba kalata yopita ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo mndandanda wa odikira ndi wautali, aliyense amadziwa. Chotonthoza nchoti ASD si matenda oti mwana afa mwezi uno, kudikira miyezi ingapo ngakhale chaka kawirikawiri sikusintha zotsatira, bola dzina lilowe msanga ndipo muzikumbutsa. Palinso mabungwe othandiza ana a mtima, monga Save a Child's Heart ya ku Israel yomwe yathandiza ana ambiri a mu Africa muno, funsani ku kiliniki ya mtima kuti pakadali pano akugwira ntchito ndi ati. Ndikupemphani chinthu chimodzi, musagulitse munda kapena kutsegula zosonkhetsa ndalama musanakhale ndi mayankho a mafunso atatu aja. Zimapweteka kuona banja litagulitsa ng'ombe chifukwa cha kabowo ka mamilimita 3, ndipo zimapweteka koposa kuona mwana wa primum akumwetsedwa zitsamba zaka 10. Ngati mukulipira nokha, tumizani lipoti la echo ndi mavidiyo ake kuchipatala chakunjako musanagule tikiti, akuuzeni ngati akuona kuti ndi za kachipangizo kapena za mpeni, ndipo mufunse mtengo wa zonse ziwiri chifukwa zimachitika kuti mwafika kumeneko apanga echo yodzera kukhosi nkupeza kuti mkombero ndi woperewera, pulani nkusintha.

Kwa amayi, komanso kwa apongozi omwe amakonda kufunsa kuti analakwa ndani. Khoma limeneli limamangika mwezi woyamba ndi wachiwiri wa mimba, ambiri musanayambe nkomwe sikelo. Pafupifupi mwana mmodzi pa 100 aliwonse padziko lonse amabadwa ndi vuto lina lake la mtima, ku Area 47 ngakhale ku Chinsapo, ndipo mwa ambiri choyambitsa sichipezeka. Si tsempho, si kulodzedwa, si chifukwa mayi anagwira ntchito yolemetsa kapena anadya chakutichakuti. Zomwe zimadziwika kuti zimaonjezera chiopsezo ndi shuga wosasamalidwa mimba isanayambe, mowa, fodya, mankhwala ena monga a khunyu, ndi rubella, yemwe katemera wake tsopano amaperekedwa limodzi ndi wa chikuku. Amene muli ndi shuga kapena khunyu kambiranani ndi achipatala musanatenge pakati, musasiye mankhwala panokha. Mabanja ena zimayenda m'magazi, makamaka ngati palinso wina wobadwa ndi chala chachikulu kapena mkono wosaumbika bwino, pamenepo ndi bwino abale ake a mwanayo aonedwenso.

Podikira ulendo, pangitsani mapasipoti msanga, la mwana ndi la womuperekeza. Mwana alandire katemera yense, adye mokwanira kuti sikelo ikwere, agone m'neti, ndipo mano obooka akonzedwe musananyamuke chifukwa madokotala a mtima sakonda kugwira mwana wokhala ndi mafinya m'kamwa, atha kukuimitsani muli kale kunja ndalama za malo ogona zikutha. Musamuletse kusewera pokhapokha adokotala atanena. Pobwera musachoke opanda lipoti lolembedwa la zomwe apanga, dzina ndi saizi ya kachipangizo ngati aika, mndandanda wa mankhwala ndi tsiku losiyira, mujambule zonse pafoni nkutumizira m'bale wina kuti zisasowe. Miyezi 6 yoyambirira, mwana akafunika kuzula dzino muwauze a mano kuti watsekedwa bowo pamtima posachedwa, amupatse kaye mankhwala opha tizilombo asanayambe.